Kaonetsedwe ka filimu yachilendo ya banja pa Khirisimasi ndi pa Idi ku Mangochi

Pa 24 Disembala chaka chilichonse, wailesi yakanema ya NRK ku Norway imaonetsa filimu yomwe si ya ku Norway. Ndi Tři oříšky pro Popelku, imene anapanga a ku Czechoslovakia mogwirizana ndi a ku East Germany mu 1973. Ochita seweroli amamveka chapansipansi m'chilankhulo cha eni filimu, ndipo pamwamba pawo pamamveka bambo mmodzi, Knut Risan, amene amalankhulira aliyense: mtsikana, mfumu, mayi womupeza, onse pakamwa pamodzi. Ku Poland munthu wa ntchito yotere amatchedwa lektor, ku Uganda amati VJ. Ndiye kuti zomwe amachita ma DJ omasulira mafilimu amene timawamva m'mavidiyo sho a kwa M'baluku, ku Makawa kapena ku Namwera si zachilendo ayi. Kusiyana kumangokhala pa kasamalidwe ka ntchito.

Chomwe chimapangitsa mafilimu a nyengo ya chikondwerero kuwoloka malire ndi chakuti nkhani yake pafupifupi ndi imodzi kulikonse: munthu amene anachoka kwawo akubwerera, ndipo kumudzi kukumudikira ngongole, apongozi, chibwenzi chakale, kapena mwana amene wakula osamudziwa. Ku Mangochi kuno nkhani imeneyi sifunika kuifotokoza. Disembala akafika mabasi ochokera ku Joni amatsitsa anthu ndi katundu wawo, ndipo pakhomo pamene bambo sanabwere aliyense amadziwa chomwe mwana akuyang'ana kumsewu. Ku Indonesia ulendo wobwerera kumudzi pa Idi amautcha mudik, ndipo ku China anthu amadzaza masitima kupita kwawo pa Chaka Chatsopano chawo. Woonera wa ku Malindi sangadziwe dzina la chakudya chili patebulopo, koma akaona mayi akuikira mbale munthu amene sanafike, wamva kale. Ntchito yanu monga woonetsa ndi kusankha filimu imene nkhani yake imaoneka ndi maso, kenako kuimasulira mosaiphimba.

Kusankha filimu

Yesani chonchi. Tsekani mawu onse, muonere mphindi 10 zoyambirira. Mukatha kunena kuti uyu ndi mayi, uyu ndi mwana wawo, ndipo awa sakugwirizana, filimuyo idzayenda. Mukaona kuti anthu angokhala pampando kulankhulana ndipo simukutolapo kanthu, isiyeni, ngakhale kwawoko itatchuka bwanji. Nthabwala zodalira kaseweredwe ka mawu zimafera pa malire. Zimene zimafika ndi zooneka: nkhuku yothawa m'khitchini, mkamwini wovala malaya a apongozi mosadziwa, agogo obisa ndalama m'chitini cholakwika.

Anthu ofunika m'nkhani asapitirire asanu kapena asanu ndi mmodzi. Kwa woonera amene sanazolowere nkhope za ku Korea kapena ku Sweden, azibale asanu ndi atatu ovala majuzi ofanana amasanduka munthu mmodzi. Utali wabwino ndi mphindi 85 mpaka 100. Mafilimu a ku India nthawi zambiri amafika maola awiri ndi theka kapena atatu, koma amakhala ndi malo opumira pakati omwe eni ake anakonza. Dulirani pomwepo, ngakhale kuonetsa theka lachiwiri mawa lake.

Musamangofunafuna za chipale chofewa ndi mtengo wa Khirisimasi. Ku India mafilimu akuluakulu a banja amatulutsidwa pa chikondwerero chawo cha Diwali ndi pa Idi. Ku China amatulutsidwa pa Chaka Chatsopano, chomwe chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Ku Philippines chikondwerero cha Metro Manila Film Festival chimayamba pa 25 Disembala. Ku Egypt ndi ku Indonesia nyengo ya Idi ndiyo ya mafilimu atsopano. M'boma ngati lathu, momwe Asilamu ndi Akhirisitu amakhala pa benchi imodzi, filimu ya Idi ya ku Indonesia ikhoza kukhudza anthu kuposa ya Khirisimasi ya ku Ulaya.

Ndipo muionere yonse nokha, osathamangitsa. Mawu akuti filimu ya banja satanthauza chimodzimodzi m'maiko onse. Ya ku France kapena ku Italy ikhoza kukhala ndi kupsompsonana kwautali, mowa pa tebulo lililonse, nkhumba yowotcha pakati pa chakudya, kapena mwana wotukwana bambo ake anthu n'kumaseka. Malo otere akakhala amodzi kapena awiri, lembani mphindi yake kuti mudziwe podumpha. Akachuluka, sankhani ina. Filimu yodumphadumpha imasokoneza nkhani, ndipo anyamata a kumbuyo amayamba kukuwa kuti mubwezere.

Za chilolezo tinene mosabisa. DVD kapena akaunti ya Netflix ndi yoonera pakhomo. Kuonetsa pagulu, makamaka molipiritsa, kumafuna chilolezo cha eni filimu, ndipo kuimasulira nakonso ndi ufulu wa eni ake pansi pa lamulo la Copyright Act la 2016. Funsani ku COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni ntchito zaluso, komanso ku Censorship Board, yomwe imayang'anira malo oonetsera zisangalalo pansi pa lamulo la 1968. Chitani zimenezi mu Novembala, osati sabata ya Khirisimasi pamene maofesi akutseka.

Mawu olembedwa kapena mawu apakamwa

Pagulu la ana, agogo ndi anthu amene kunyumba amalankhula Chiyao, mawu apakamwa ndiwo amagwira. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi, ma subtitle aja, amathandiza anthu ochepa okhala pafupi ndi TV amene amawerenga mwachangu. Mukasankha amenewa, gwiritsani ntchito mapulogalamu a pakompyuta a Subtitle Edit kapena Aegisub, omwe ndi aulere. Mizere isapitirire iwiri, mzere uliwonse usapitirire zilembo 42, ndipo mawu akhale pa sikirini pakati pa sekondi imodzi ndi masekondi 6. Mawu a Chichewa ndi ataliatali, choncho musadule liwu pakati, dulani ganizo. Sungani fayilo ya mawuwo, yotchedwa SRT, mu kalembedwe ka UTF-8, apo ayi chilembo cha ŵ chidzatuluka ngati zinyalala.

Vuto lodziwika ndi ili: mawu akuyamba bwino, koma filimu ikamapita akutsalira kapena kutsogola. Ngati kusiyanako ndi kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mu VLC, pulogalamu yoonetsera filimu, dinani batani la G kapena H, zomwe zimasuntha mawu pang'onopang'ono. Koma ngati kukukulirakulira, ndiye kuti fayilo ya mawu inapangidwira filimu ya zithunzi 25 pa sekondi pamene yanu ndi ya 23.976. Kusiyana kumeneku ndi masekondi awiri ndi theka pa mphindi iliyonse, kotero pakatha ola mawu amakhala atasemphana ndi chithunzi ndi mphindi ziwiri ndi theka. G ndi H sangachize zimenezi. Sinthani frame rate, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, mu Subtitle Edit.

Ubale ndiwo mtima wa ntchito

Apa ndi pamene omasulira ambiri amagwera. Filimu ya Chihindi kapena Chikoreya nthawi zambiri timaimasulira kudzera m'mawu a Chingerezi olembedwa pansi, ndipo Chingerezi n'chosauka pa ubale. Liwu limodzi lakuti uncle limaphimba malume, bambo aang'ono ndi bambo aakulu. Aunt amaphimba azakhali ndi mayi aang'ono. You amaphimba iwe ndi inu. Chihindi chimasiyanitsa ngati mmene ife timachitira: chacha ndi mng'ono wa bambo, bua ndi mlongo wa bambo, mausi ndi m'bale wa mayi wamkazi, ndipo mama, chenjerani apa, ndi malume, osati mayi. Chilinso ndi aap waulemu, tum wa pakati ndi tu wa mwana kapena mnzako wapamtima. Chifalansa chili ndi vous ndi tu. Zonsezi zimatayika m'Chingerezi, koma khutu lanu likhoza kuzitola m'mawu a eni filimu ngakhale simudziwa chilankhulocho.

Musanajambule liwu ndi limodzi lomwe, onerani filimu kawiri, mutenge pepala, mujambule mtengo wa banja lonse. Pa munthu aliyense lembani mmene amaitanira mnzake aliyense, komanso ngati akuti iwe kapena inu. Pepalali likhale patsogolo panu mpaka ntchito itatha. Mukatcha munthu malume pa mphindi 12, n'kudzamutcha bambo aang'ono pa mphindi 50, oonera a kuno adzaganiza kuti ndi anthu awiri, chifukwa kwa ife udindo wa awiriwa ndi wosiyana kwambiri. Kuno kumene malume ndiwo mwini mbumba, mawu a malume pa nkhani ya ukwati amalemera. M'filimu yochokera kumene banja limatsata kuchimuna, wolamula ndi mbali ya bambo, ndipo mkazi ndiye amasamukira kwa mwamuna. Nenani zimenezi kamodzi m'chiganizo chimodzi koyambirira, kuti anthu ozolowera chikamwini amvetse chifukwa chake mtsikana akulira pochoka kwawo.

Taonani chitsanzo. Mtsikana wabwera ndi bwenzi lake pa chakudya cha chikondwerero. Bambo ake sakumuyang'ana mnyamatayo, akungodula nyama. Mawu a Chingerezi pansi akusonyeza bambo akufunsa ntchito imene mnyamata amagwira, mnyamata akuyankha kuti ndi woimba, bambo akuti n'zosangalatsa. Womasulira wothamanga amati: "Umagwira ntchito yanji? Ndine woimba. Zosangalatsa." Palibe amene aseke, chifukwa palibe bambo wa kuno amene angalankhule chotero kwa mlendo wa mwana wake. Yesani izi:

"Kodi achimwene, mumapanga chiyani kumeneko?"

"Ndimaimba, bambo."

"Mumaimba. Chabwino. Nanga ntchito?"

Mukafika pa "Mumaimba" imani kaye, mulole mpeni wa bambo uja umveke pa mbale, kenako mumalize. Ulemu wozizira wa "achimwene" ndi "inu" ndiwo ukunyamula chipongwe chonse. Ndipo pamene bambo yemweyo, kumapeto kwa filimu, adzamuuze mnyamata kuti "Bwera udye, mwana wanga," kusintha kuchoka pa inu kupita pa iwe kudzawauza anthu kuti walandiridwa, popanda inu kufotokoza.

Miyambo yachilendo ifotokozeni kamodzi, mwachidule, pamene ikuonekera koyamba. Anthu a ku Spain amadya mphesa 12 pakati pa usiku wolowa chaka chatsopano. Ku Czech Republic ndi ku Poland nsomba ya carp ndiyo ndiwo ya pa 24 Disembala, ndipo mabanja ena amaisunga yamoyo m'bafa mpaka tsikulo. Ku China akulu amapatsa ana ndalama m'maenvulopu ofiira. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Kwawoko nsomba imeneyi ndiye nkhuku yawo ya Khirisimasi." Musasinthe carp kukhala chambo kapena Prague kukhala Lilongwe. Nthabwala yotere imaseketsa kamodzi, koma anthu abwera kudzaonanso dziko la eni ake, ndipo maso awo akuona kuti si chambo.

Chizolowezi china choyenera kuchisiya pa filimu ya banja ndi cholankhula mosalekeza. Pa filimu ya nkhondo kapena ya karate DJ akhoza kudzaza mpata uliwonse ndi nthabwala, malonje kwa anzake ndi kutsatsa malo ake obenera nyimbo. Pa filimu ya banja malo opanda mawu ndi pamene anthu amamvera chisoni. Mayi akatsegula chitseko n'kupeza mwana amene anasowa zaka zambiri, khalani chete. Nyimbo ikayamba, nenani m'chiganizo chimodzi chomwe ikukamba, muisiye iimbe. Musaululenso zakutsogolo, mawu ngati "koma ameneyu sakudziwa chomwe chimudikire" amaba chimwemwe cha woonera. Zotsatsa ziikeni poyamba ndi pa nthawi yopuma.

Kujambula mawu

Pulogalamu yojambulira mawu ya Audacity ndi yokwanira. Jambulirani m'chipinda chokhala ndi matiresi, makatani kapena zovala zopachika. Chipinda chopanda kanthu cha simenti chimabweza mawu ngati muli m'chitsime. Nthawi yabwino ndi usiku kwambiri kapena m'mawa kukacha, pamene njinga zamoto zachepa, ndipo mvula ikayamba kugunda malata ingoimani. Maikolofoni ikhale masentimita 15 kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono kuti mpweya wa p ndi ph usaiwombe. Valani mahedifoni, mukamvetsera filimu pa sipika, maikolofoni idzatola mawu ake kachiwiri. Ikani pa 48000 Hz kuti zigwirizane ndi kanema, ndipo mulingo wa mawu anu uzisewera pakati pa -12 ndi -6 dB, osafika pofiira.

Jambulani zidutswa za mphindi 10, osati filimu yonse kamodzi. Mawu amatopa, ndipo mukalakwitsa mumangobwereza kachidutswa. Yambani kulankhula patapita sekondi imodzi wosewera atayamba, kuti anthu amve kaye mawu ake enieni ndi kudziwa amene akulankhula. Simufunika kusintha mawu kukhala a nkhalamba kapena a mwana. Kusintha liwiro ndi kulemera kwa mawu n'kokwanira. Mwamuna woyesa kulira ngati mtsikana amasandutsa maliro kukhala sewero loseketsa.

Posakaniza, musazimitse mawu a filimu. Ikani mzere wa mawu anu pansi penipeni pa mzere wa filimu, musankhe mzere wa filimu, kenako musankhe Auto Duck mu Audacity momwemo. Imatsitsa filimu ndi 12 dB pamene inu mukulankhula n'kuibwezera mukasiya. Pa malo a phokoso, monga msika kapena makombola, tsitsani mpaka 15 dB.

Mukamaliza, tulutsani MP4 ya H.264 yokhala ndi mawu a AAC a mbali ziwiri. Pulogalamu ya HandBrake imachita zimenezi. Ma TV ambiri otchipa amaonetsa chithunzi popanda mawu ngati fayilo ili ndi DTS kapena AC3, ndipo mawu a 5.1, okonzedwera masipika asanu ndi imodzi, akaseweredwa molakwika nyimbo imamveka koma zolankhula zimasowa, chifukwa zimakhala pa sipika ya pakati yomwe mulibe. Fulashi ya FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB. Filimu ya mphindi 90 pa 720p imakwana bwinobwino pansi pa 2 GB. Iyeseni pa TV yeniyeni imene mudzaonetsere, ndipo sungani ina pa fulashi yachiwiri.

Magetsi ndi malo

Werengerani ngati kuti a ESCOM adzazimitsa. Nambala zenizeni zili pa chikwangwani kuseri kwa chida chilichonse, koma tiyerekeze: TV ya mainchesi 43 imadya mawati 70, sipika 50, laputopu 45, mababu awiri 15, zonse 180. Batire la 12 V 100 Ah lili ndi 1200 Wh, koma la asidi musalitsitse kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye mwatsala ndi 600. Invata imadyapo gawo lake, mutsale ndi 500 ndi pang'ono. Gawani ndi 180, mupeza maola osakwana atatu: filimu imodzi ndi nyimbo zoyambirira, osati mafilimu awiri. Pulojekita ya babu imadya mawati 250 mpaka 300 payokha, kotero batire lomwelo lidzakuthawani filimu isanathe. Pamenepo pafunika jenereta, ndipo iikeni panja, kutali ndi khomo ndi mawindo, pa chingwe cha mamita 20 kapena kuposa, chifukwa cha phokoso komanso utsi wake umene umapha m'malo otsekeka. Dzuwa la Disembala limabisika ndi mitambo, choncho batire la sola lidzazeni dzulo lake.

Sipika ikhale kutsogolo pafupi ndi sikirini, pamwamba pa mitu ya anthu, yolumikizidwa ndi chingwe. Bluetooth imachedwetsa mawu. Zikavuta, J ndi K mu VLC zimasuntha mawu kuti agwirizane ndi milomo. Chepetsani besi, mukweze mawu a pakati. Sipika yokonzedwera dansi imameza Chichewa. TV ikhale mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ana pa mkeka kutsogolo osayandikira kuposa mamita awiri, mabenchi kumbuyo, ndipo agogo muwapatse mpando wa m'mbali pafupi ndi khomo. TV ya mainchesi 43 ndi ya masentimita pafupifupi 53 kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo wokhala kupitirira mamita anayi sangawerenge mawu olembedwa. Ichi n'chifukwa chinanso chosankhira mawu apakamwa.

Kuonetsa panja ndi pulojekita kumafuna mdima. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, koma ngati mukufuna banja lonse libwere dikirani swala ya usiku ya Isha ithe, kenako muyambe. Nsalu yoyera ya mamita awiri m'lifupi ikokeni pa ngodya zonse zinayi ndipo kuseri kwake kukhale khoma kapena lona lakuda, apo ayi kuwala kumadutsa ndipo mphepo ya kunyanja imapinda nkhope za anthu. Kuwala kumaitana ngumbi ndi tizilombo ta kunyanja. Yatsani babu limodzi lowala patali mamita 10 chakumbali kuti tipite kumeneko. Khalani ndi pulasitiki yophimbira zida pafupi, ndipo mapulagi onse akhale pa tebulo, osati pansi. Filimu ya ana ionetsedwe m'nyumba masana, koma osati dzuwa lili paliwombo pansi pa malata a Mangochi. 3 koloko ndi yabwino, mawindo otsegula mbali ziwiri, zitseko zosakhoma, ndi ndowa ya madzi akumwa.

Musanayambe, imani kutsogolo kwa mphindi imodzi. Tchulani dziko lomwe filimu yachokera, chikondwerero chomwe akuchita, ndi mayina atatu oyenera kuwagwira. Magetsi akazima pakati, lembani mphindi imene mwaimira musanakhudze china chilichonse. Munthu mmodzi akhale kumbuyo ndi kope, azilemba pamene anthu aseka, pamene akhala chete, ndi pamene ayamba kufunsana kuti "ameneyu ndi ndani?" Malo a funso limeneli ndiwo mukajambulenso. Sungani fayilo ya Audacity pamodzi ndi pepala la ubale lija, chifukwa filimu ya chikondwerero ikakondedwa anthu amaifunanso chaka chamawa, ndipo kukonza zidutswa zitatu za mphindi 10 ndi ntchito ya madzulo amodzi.